A Musapume ndi nyenyezi za masana

Lachisanu lapitali takwanitsa chaka chiwagonekere alamu anga, a Rabisoni Namakhwa. Dzina limeneli ndalitchula chifukwa ndi limene lili pamwala, koma mukapita nalo ku Masambanjati kapena kumalaini a m'maesiteti, anthu angokuyang'anani. Mukati a Musapume, ngakhale mayi wogulitsa nthochi pamsewu akulozerani nyumba.

Anagwira ntchito m'chipinda cha ekisire pachipatala chathu cha mishoni mpaka imvi mbuu. Aliyense wa kuno amene anatsokomolapo kwa nthawi yaitali anaimapo pamakina awo. Ankakugunditsa chifuwa pachitsulo chozizira, n'kukuika manja m'chiuno, iwo n'kukabisala kuseri kwa khoma n'kukuwa kuti, "Kokani mpweya! Gwirani pomwepo! Musapume!" Makina ankalira kamodzi, kenaka kuseri kuja kunkatuluka mawu ofatsa ngati a munthu wina: "Pumani."

Tsiku lina kunabwera chimunthu china chothyola tiyi, chachifuwa ngati chitseko. Alamu anakuwa zawo zija, makina analira, ndiye maganizo awo anathamangira kufilimu n'kulowa nayo m'kachipinda ka mdima osanena mawu otsiriza aja. Munthu wa muesiteti akauzidwa chinthu ndi wovala choyera sachita makani. Potuluka anamupeza ali chiimire, maso ali psu, mitsempha ya m'khosi itaima. Munthuyo anangoti ndi mano okuluma, "Bwana, ndipume?" Nkhaniyo inafika kumalaini dzuwa lisanalowe, ndipo dzina linamera pomwepo. Iwo ankadana nalo, koma mukawaitana nalo ankacheuka.

Ine ndine mng'ono wa malemu akazi awo, a Esitere, ndipo ndimaphunzitsa pasukulu ya mishoni yomweyi. Chilamu chinkandilola kuwauza zinthu zimene wina aliyense akanathamangitsidwa nazo, ndipo ndinkawauzadi. Anali munthu wovuta, tisanamizane. Anakhala moyo wonse pakati pa minda ya tiyi osalawako ngakhale kapu imodzi, chifukwa kumpingo kwathu kwa Sabata timakana tiyi, ndipo ena a ife timakana ndi pakamwa pokha. Iwo ayi. Ankamwa madzi otentha ofinyiramo ndimu, atavala tayi ngakhale Lamulungu podulira mpanda wa maluwa. Akakwiya ankasiya Chichewa n'kuyamba Chilomwe, akakwiyitsitsa ankangokhala duu. Ndipo kwa zaka zoposa khumi, duu ameneyo anamuchitira mwana wawo mmodzi yekhayo, Miriamu. Zonse zimene ndinene pano zikuzungulira pamenepo, chifukwa mtima wa alamu unkatupa, masiku ankatha, ndipo awiriwa sankalankhulana.

Anthu ambiri amawakumbukira ndi za nyenyezi zija, choncho ndiyambe nazo. Atapuma pantchito, zinamveka kuti a Musapume akufunafuna nyenyezi masana. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, chifukwa aliyense ankadziwa kuti munthuyo ankagona pamodzi ndi nkhuku. Kumsika ankati wayamba kujambula thambo ekisire kuti aone ngati lili ndi chifuwa chachikulu. Mayi wina anawaimitsa panjira n'kuwafunsa mwaulemu ngati mvula ya chaka chimenecho yaoneka pachithunzi. Iwo anamuyankha kuti apite akafunse achule.

Zoona zake zinali izi. Miriamu anali kunja, ku Ulaya, ndipo ntchito yake inali yofufuza zinthu za kuthambo zimene zimatulutsa kuwala kwa ekisire. Kuwala kumeneko maso sakuona, ndipo sikufika pansi pano chifukwa mpweya umakutchinga, ndiye akatswiri amaponya makina kumwamba kuti azikajambula thambo chigawo ndi chigawo. Makina ena anajambula kalekale, ena anadzajambulanso patapita zaka. Miriamu ndi anzake ankaika zithunzi zakale ndi zatsopano pamodzi n'kumafuna kadontho kamene kasintha kwambiri, kamene kanali kowala kenaka n'kuzilala, kapena kamene kabuka pamene panalibe kanthu. Zina ndi nyenyezi zenizeni, zina ndi maenje akuda amene amawala pamene akumeza zinthu, koma kuno tonse tinkangoti nyenyezi.

Sukulu yathu italandira makompyuta akale, imodzi inkagona pabalaza panga chifukwa mawindo a kalasi analibe zitsulo. Miriamu, amene ine ndinkalankhula naye pafoni, ananditumizira timbale ta zithunzi zimenezi kuti ndizionetsako ana asukulu. Tsiku lomwe ndinatsegula koyamba, alamu anali atabwera kudzadya nkhomaliro monga mwa masiku onse chimwalirire achemwali. Pagalasi panali zithunzi ziwiri zotuwa, zokhala ndi timadontho ngati mapira otayika. Anaima kumbuyo kwanga, kapu ya ndimu ili m'manja.

"Chakale ndi chiti?" anafunsa.

"Ichi cha kumanja."

"Mlamu, ana a anthu mumawaphunzitsa chonchi? Chakale chimakhala kumanzere. Tasunthani."

Ndinasuntha, ndipo mpando umenewo sindinaukhalenso momasuka. Sanafunse kuti timbaleto tachokera kuti. Envelopu inali patebulo pomwepo, yolembedwa ndi dzanja limene iwo omwe analiphunzitsa kugwira pensulo. Anaikapo kapu yawo.

Lamulo lawo la pantchito linali limodzi, ndipo ankalinena mpaka kutopetsa: chithunzi chimodzi sichiweruza munthu. Wodwala akabwera kachiwiri ankamufunsa filimu yakale, chifukwa banga la m'mapapo umalidziwa poona mmene linalili kale. Tsoka kwa iwe ukanena kuti filimuyo unatsekera windo losweka, monga ankachitira ambiri kumalaini. Ankakukalipira mpaka chifuwa kuchiiwala. Ndiye ataona kuti anthu ophunzira a ku Ulaya akuchita ndi thambo zomwe iwo ankachita ndi nthiti za othyola tiyi, zinawagwira mtima. Ankati kusiyana kwake n'kumodzi: kuchipatala makina ndi amene amatulutsa kuwala ndipo iwo ankajambula mthunzi wa munthu, pamene kuthambo chinthucho chimayaka chokha. Ankanena zimenezi monyadira ngati anazitulukira okha.

Koma ndibwerere kumene zinayambira, kuti muone chifukwa chake envelopu ija anaiikira kapu.

Miriamu ali wamng'ono, bambo ake ankamukonda mochititsa manyazi. Anali ndi sewero lawo. Kamwanako kankagunditsa chifuwa pachitseko, manja m'chiuno, iwo n'kukuwa kuti, "Musapume!" Kankafufumitsa masaya, maso ali tong'o, kudikira mpaka atati, "Pumani, mayi," kenaka onse awiri n'kugwa ndi phwete. Ankafuna kuti adzakhale dokotala. Atasankha fizikisi kuyunivesite ku Zomba anang'ung'udza, koma anameza. Chimene sanameze chinabwera mu 1995. Panapezeka mwayi wokaphunzira kunja, ndipo mayeso ake anawaika Loweruka. Kwa ife, kuyambira dzuwa likalowa Lachisanu mpaka litalowanso Loweruka ndi Sabata, tsiku lopuma. Alamu anali mkulu wa mpingo, ndipo anali ataimapo kutsogolo n'kulimbikitsa ana a eni ake kusiya mayeso a Loweruka. Ena anawamvera n'kubwereza chaka.

Miriamu analemba. Sanabise, anabwera yekha kudzagwada pakhonde, ine ndi achemwali tikusenda chinangwa pomwepo.

"Ababa, mayeso aja ndalemba."

"Walemba liti?"

"Loweruka."

"Loweruka ndi dzina la kumsika. Tchula dzina lake."

"Pa Sabata, ababa."

"Ndiye ana a eni ake aja ndinawaletsa aja, ndikawauza chiyani?"

Mwanayo akanangokhala chete, mwina zikanapola. Koma makani anatengera kwa yani? Anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Mukawauze kuti nyenyezi sizipuma pa Sabata."

Mayo ine! Mpeni unandigwa m'manja. Alamu analankhula mawu ochepa m'Chilomwe, akuti apite azikakhala nazo nyenyezi zakezo, kenaka analowa m'nyumba. Sabata lotsatira anaimirira m'tchalitchi n'kutula udindo okha, popanda wowauza. Ndikunena zimenezi kuti musawaone ngati chilombo. Munthuyo anachita manyazi pamaso pa mabanja amene ana awo anataya chaka chifukwa cha mawu ake, ndipo manyaziwo sanadziwe kowatula koposa pa mwana wake. Achemwali anayesa kuwauza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Iwo anati pakhomo pawo saweta ng'ona.

Achemwali anatisiya mu 2001. Miriamu anabwera kumaliro, anakagwada pamene panakhala bambo ake n'kupereka dzanja. Iwo anapereka lawo maso ali kumitengo ya mibawa, ngati akupatsa moni munthu wodutsa. Ndinapsa mtima tsiku limenelo moti maliro a m'bale wanga ndinawalira ndi mkwiyo. Titatha zonse, akuluakulu a kwathu anafuna kuwasudzula, poti anali mkamwini, kuti abwerere kwawo ku Chimaliro. Anakana mwaulemu, akuti denga likudontha, alikonze kaye. Denga limenelo analikonza chaka ndi chaka, ndipo ine sindinaonepo dontho m'nyumbamo. Chitseko cha nyumba imeneyo chinali chokhacho chimene mwana wawo ankachidziwa, ndipo sanafune kuti adzachipeze chokhoma.

Ndiye timbale tija titabwera, munthu amene sankatchula dzina la mwana wake anayamba kufika kwanga m'mawa ndikupita kusukulu. Ankatseka makatani onse ngati ali m'kachipinda kawo ka mdima, n'kuvala magalasi awo omanga ndi ulusi. Pobwera masana ndinkawapeza mphuno ili pagalasi, akusuntha mutu kumanzere, kumanja, kumanzere, ngati nkhuku yoona chimanga. Magetsi akazima ankakhala pomwepo kudikira. Lachisanu dzuwa likapendeka ankazimitsa okha n'kufunditsa kompyuta chitenje.

Akapeza kadontho kokayikitsa ankatsokomola kaye.

"Mlamu, muwauze eni ake a zithunzizi kuti pachithunzi chakuti, chakumwamba kumanja, pali china chasowa."

Ine ndinkalemba pafoni. Yankho linkabwera mawa lake: "Anti, muwauze adokotala anuwo kuti pamenepo ndi m'mphepete mwa chithunzi, makina amanama." Kapena kuti chimenecho anachiona kale ena. Alamu ankaguguda patebulo n'kunena kuti eni zithunziwo ndi amwano, koma ankavomera, chifukwa ankadziwa kuti ngakhale chala chonyowa chimasiya banga pafilimu n'kuoneka ngati matenda. Sanatulukire chilichonse chimene dziko silinkachidziwa, ndipo musamve za anthu amene akuti dzina lawo lili pa nyenyezi ina. Palibe. Ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, mpaka ine ndinadana ndi nkhono.

Choncho bambo ndi mwana ankalankhulana tsiku ndi tsiku osalankhulana, ine ndili pakati ngati mtengo wa mawaya. Ndinkatopa nazo. Tsiku lina ndinawaponyera foni pamiyendo kuti alembe okha. Anaitola ndi zala ziwiri n'kuibweza patebulo, akuti mabatani ake ndi a anthu opanda ntchito.

Za mtima wawo anazidziwa okha. Anapita kwa mnyamata amene analowa m'malo mwawo kuchipatala, n'kuima pachitsulo chawo chomwe chija, ndipo akuti mnyamatayo anachita mantha kuwauza kuti asapume. Filimu itatuluka anaiyang'ana pawindo, anaiika pambali pa yakale imene anasunga bwinobwino, n'kunena kuti, "Wakula." Basi. Ine ndinazionera pakayendedwe. Kamtunda kochoka kwawo kufika kwanga kanayamba kuwaimitsaimitsa, ndipo ankanamizira kuyang'ana tiyi wa muesiteti ngati ndi kapitawo. Mapazi anatupa mpaka nsapato za tchalitchi anazidula kumbuyo.

Ndinamuuza Miriamu. Iye anati, "Anti, ndibwere kudzapatsidwanso dzanja ngati mlendo? Sindingathe kachiwiri." Ndinawauza alamu kuti amuitane mwana. Anati mwana amadziwa njira ya kwawo. Ndinkagona ndi mantha kuti m'mawa wina ndidzaimba foni ya uthenga wa maliro kwa munthu amene mawu omaliza a bambo ake anawamva ali mtsikana.

Zinasintha m'chilimwe cha 2007, mwezi wa Okutobala, kutentha kuli phuliphuli. Miriamu anali atatumiza timbale tina, ta makina atsopano. Alamu anapeza kadontho kena pakati penipeni pa chithunzi, osati m'mphepete. Pachakale kanali kowala ngati khala lamoto. Pachatsopano panali bii, popanda ngakhale kachizindikiro. Sanathamangire kundiuza. Anakhala nako masiku angapo, akubwerera pomwepo, akupukuta galasi ndi mpango. Kenaka anati, "Mlamu, lembani. Muwauze kuti nyenyezi iyi yafa."

Ndinalemba. Tsiku limenelo nkhomaliro anangoigwiragwira. Ananena, osayang'ana ine, kuti n'zomvetsa chisoni chinthu chowala chotero kuzima popanda wodziwa tsiku lake. Ndinadziwa kuti sakunena za kuthambo kokha, koma ndinatseka pakamwa, zomwe sindichita kawirikawiri.

Yankho linabwera Lachisanu masana, lalitali moti linafika zidutswazidutswa. Ndinawawerengera. Miriamu anati ulendo uno adokotala sananame, chinthucho chinasinthadi kwambiri, ndipo chili m'gulu la zimene iye ndi anzake akuzitsatira. Koma sichinafe. Makina atsopanowo pojambula chithunzi chimenecho ankangodutsa, anayang'ana pamalopo kanthawi kochepa ngati kuphethira. Atawalozetsa pomwepo n'kuyang'ana nthawi yaitali, anachipeza chilipo, chozilala kwambiri, koma chilipo. Mawu omaliza anali akuti, "Muwauze kuti sinafe. Kuno timati ikupuma. Ikhoza kudzawalanso."

Alamu anavula magalasi.

"Filimu yosapsa," anatero. "Anafulumira kutseka makina. Ndipo ine, ine Namakhwa, ndaweruza ndi filimu yosapsa. Ukaona palibe kanthu umayamba wafunsa kuti wayang'ana nthawi yaitali bwanji. Ndinkawaphunzitsa anyamata zimenezi."

Apa ndiye pakamwa panga panatseguka pokha.

"Nanga ija ya 1995 inapsa?"

"Iti?"

"Musandifunse iti, alamu. Munamujambula mwana kamodzi, pakhonde, ali ndi mkwiyo wa utsikana, n'kupachika chithunzicho mumtima mpaka lero. Amene anatsekera windo ndi filimu munkawakalipira, inu yatsopano mukukana n'kujambula komwe. Zaka zonsezi akukuyankhani tsiku ndi tsiku, mukuganiza kuti alibe chochita ku Ulayako? Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mafupa mumawadziwa ndinu, osati ine. Mukufa, alamu. Ndanena. Mukufa, ndipo mwana uja mukumusiyira chiyani?"

Iwo anadzuka, anatenga chipewa, anayenda mpaka pachitseko. Ndinati basi, nkhomaliro ya pakhomo pano yathera pompa. Anaima pamenepo atandifulatira, akupuma movutika.

"Foni yanuyo imafika kumene kuli eni zithunziwo?"

Kwathu kuno mauthenga olemba amalowa m'nyumba, koma mawu amadukaduka. Ukafuna kulankhula bwinobwino umakwera kamtunda ka pamwamba pa munda wa tiyi, pamene pali thanki ya madzi. Ndinawauza kuti sangafikeko. Anati ndiwatsogolere. Tinayenda m'kanjira ka othyola tiyi, iwo atagwira phewa langa, chinthu chimene sanachitepo chikhalire alamu anga. Tinkayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima, chifuwa chawo chikulira ngati chitseko cha dzimbiri. Pofika pathanki paja dzuwa linali litakhala pamwamba pa mitengo, lofiira.

"Alamu, dzuwa likulowa," ndinatero. "Sabata layandikira."

"Ndili ndi maso. Imbani."

Ndinafulasha, monga tinkachitira kuti Miriamu aimbe yekha, ndipo posakhalitsa foni inalira. Ndinaitsegula mokweza chifukwa khutu lawo limodzi linali litayamba ulesi, n'kuwapatsa. Anaigwira ndi manja awiri.

"Halo, anti?" anatero Miriamu. "Mwawauza adokotala anu?"

"Si anti," anatero alamu. "Ndine."

Kunali zii. Ndinadikira, iwo anadikira. Ndinati netiweki yathawa, ndipo ndinatambasula dzanja kuti nditenge foni ndiyesenso. Anandikaniza ndi chigongono. Anaiyandikitsa kukhutu labwino lija n'kumvetsera, ndipo nkhope yawo inasintha. Munthuyu anakhala moyo wake wonse kuseri kwa khoma akumvetsera anthu ogwira mpweya, ndipo chete ameneyo ankamudziwa.

Analankhula ndi mawu aja ofatsa, a kuseri kwa khoma.

"Pumani, mayi."

Mpweya umene unatuluka m'foni muja sindidzauiwala. Unatuluka ndi kulira komwe, kulira kwa kamwana, "Ababa, ababa," osatha kunena china. Alamu anakhala pansi pa simenti ya thanki, tayi ili pambali, misozi ikutsikira m'makwinya osaipukuta. Ine ndinalira mokweza ngati pamaliro, ndipo sindichita nazo manyazi.

Mukuganiza kuti anapepesana? Ayi ndithu, anthu awiri amenewa! Atatontholako, alamu anafunsa kuti makinawo anayang'ana nthawi yaitali bwanji ulendo wachiwiriwo, ndipo Miriamu anayankha akufwenthera. Anakambirana za kadontho kaja mpaka dzuwa linalowa. Kumunsi kumsewu anthu ankapita kotsegulira Sabata, mabuku a nyimbo ali m'manja, ndipo ena anaima kuyang'ana a Musapume ali pafoni nthawi imeneyo. Chakumapeto ndinawamva akuti, "Denga lija ndinakonza. Ubwere udzalione."

M'mawa mwake kutchalitchi mkulu wina anawayandikira n'kunena mozungulira kuti dzulo anthu anaona zachilendo pathanki. Alamu anamuyang'ana n'kuti, "Sabata ndi lopuma. Ine dzulo ndi pamene ndapuma." Mkuluyo anangowafunsa za mapazi.

Miriamu anabwera ndi mvula yoyamba ya Disembala. Anatsika minibasi, ndipo bambo ake anali ataima pamsewu chiyambire m'mawa, atavala jekete m'kutentha konse kuja. Ulendo uno sanayang'ane mibawa. Tsiku lomwelo anakangana pakompyuta panga, chifukwa Miriamu anaika chithunzi chakale kumanja, akuti kwawoko zilibe kanthu. Alamu anati n'chifukwa chake azungu amachedwa kupeza zinthu. Za Sabata sanazitchulenso. Miriamu ankawaperekeza kutchalitchi atawagwira mkono, ndipo zimene ankakhulupirira mumtima mwake sindinamufunse, si nkhani yanga. Asanabwerere, alamu anamukokera ku Luchenza kwa wojambula zithunzi. Anakana kujambulidwa nawo, akuti akufuna cha iye yekha, ataima chilili, kuwala kokwanira. Wojambulayo anamuvutitsa mpaka anatuluka thukuta.

Anatisiya m'nyengo ya chiperoni chaka chotsatira, m'chipatala chawo chomwe, pafupi ndi chipinda cha ekisire. Masiku omalizawo Miriamu ankaimba tsiku lililonse, ndipo anamwino ankawatengera foni pawindo pamene mawu ankamveka. Ankamufunsabe ngati ija yawalanso. Iye ankati ayi, ikupumabe. Iwo ankati aisiye, isakakamizidwe. Pamaliro panadzaza anthu a m'maesiteti amene sitinkawadziwa n'komwe, ndipo abusa atanena kuti m'bale wathu wapuma, kumbuyo kunamveka kuseka kwa anthu olira.

Kompyuta ija inabwerera kusukulu, kalasi inaikidwa zitsulo. Patebulo panga patsala bwalo loyera pamene pankakhala kapu ya ndimu, ndipo makatani a pabalaza ndimawatsegula tsopano, ngakhale masiku ena ndimaiwala mpaka masana. Nyumba yawo ili chitsekere. Miriamu anakana kuti tiikemo munthu, akuti azifikiramo. Ndimapitako Lachisanu lililonse dzuwa lisanalowe kukasesa. Chipewa chili pamsomali, nsapato zodula kumbuyo zija zili pansi pa bedi. Pakhoma la pabalaza pali zithunzi ziwiri zimene anapachika okha, molingana bwinobwino: kumanzere Miriamu wa yunifolomu ya sekondale, kumanja Miriamu wa ku Luchenza, imvi ziwiri zitatu zili pachipumi.

Lachisanu lapitali ndinaima pamenepo ndi tsache, ndikuyang'ana kumanzere, kumanja, kumanzere. Mutu unayamba kuzungulira, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti chilowere m'nyumbamo ndagwira mpweya. Ndinadikirabe pang'ono, chitsiru ine, ngati kuseri kwa khomalo kutuluka mawu. Kenaka ndinatuluka panja n'kukapuma ndekha.